Tsiku Limene Ndinakana Kupereka Kiyi ya Mowa ku Mbulumbuzi

Feston ndi Melise, ana anga, ndikulemba izi tsopano pamene miyendo yakana kuima tsiku lonse ndipo ntchito ndaisiya. Ndikudziwa kuti muli pasukulu, anzanu akakufunsani ntchito ya mayi anu, munkati ndimagulitsa m'sitolo. Sindikukudzudzulani ayi. Koma ndikufuna mumve kwa ine mwini kuti ndinali wogulitsa mowa m'bala, kuti ntchitoyo ndinkaidziwa bwino, ndiponso mmene ndinaisiyira. Za ubwana wanga kwathu kwa Mpama sindilemba, sizikusiyana ndi za mtsikana wina aliyense wa kumeneko.

Ku boma, zaka zoyamba

Bambo anu atamwalira, iwe Feston unali utangoyamba sukulu, Melise ali kumsana. Kamunda kathu kanali kochepa, chimanga chinkatha Khirisimasi isanafike. Mlamu wanga ndiye anandiuza kuti a Likoya, amene anali ndi mabala atatu m'boma lino la Chiradzulu, akufuna munthu wotsuka matambula pa bala yawo ya ku boma. Ndinapita nditavala chitenje cha kutchalitchi. A Likoya anali munthu wamkulu thupi koma wa mawu aang'ono, ndipo mowa sankaulawa n'komwe. Ankakhala pakona ndi kapu ya tiyi, maso ali pakhomo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mumamwa, mayi?"

"Iyayi, bwana."

"Mwamuna akakutukwanani mumalira?"

"Ndinalira kale kumanda. Misozi inatha."

"Mawa mubwere m'mamawa," anatero, n'kubwerera ku tiyi wawo.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali a Matewere, mkulu wa imvi amene paunyamata wake anagwirapo ntchito m'hotela ina ku Blantyre. Ankavalabe malaya oyera osita bwino ngakhale kuti makasitomala athu ambiri ankabwera ndi matope a kudimba. Anandiphunzitsa kusanja makireti kuti akale azituluka poyamba, kutsegula botolo pamaso pa mwini wake kuti asadzati mwamuthirira kanthu, ndiponso kuziziritsa mowa magetsi akazima, pokwirira mabotolo mumchenga wonyowa ndi kufunditsa masaka. Koma chachikulu chimene anandiphunzitsa chinali kuwerenga anthu. Tsiku lina masana, bala ili zii, anandiitana kukauntala.

"Amake Feston, mukuopa ndani kwambiri muno, uja amaimba n'kumenya tebulo, kapena uja amangoti phee pakona?"

"Womenya tebulo uja, bambo. Dzana anaswa tambula."

"Tambula tigula ina. Waphokosoyo ali moyo, thupi lake likulimbana nawo mowawo. Muziopa amene waleka kulankhula. Mukaona munthu wasiya kuyankha, milomo yatuwa, mutu ukulendewera, musamupatsenso kanthu ngakhale akuonetseni ndalama. Akagwa, mugonekeni cham'mbali, osati chagada, ndipo musamusiye yekha. Ku hotela kuja tinagoneka bwana wina chagada m'chipinda chosungira katundu, tikuti adzuka mowa ukamuchoka. Anasanza ali mtulo, masanziwo n'kumutsamwa. Ine ndi amene ndinakamupeza atauma."

Ananena zimenezi akupukuta kauntala, osandiyang'ana. Sanabwerezenso nkhaniyo tsiku lina lililonse, ndipo inenso sindinawafunse dzina la bwanayo.

Ku Mikolongwe, zaka za pakati

A Matewere atapuma, a Likoya ananditumiza ku Mikolongwe kuti ndikayang'anire bala ya kumeneko ndekha. Inu munatsala ndi agogo anu kwa Mpama, ndipo ndinkabwera kudzakuonani pakutha pa mwezi. Kumeneko makasitomala anali alimi, ogula ng'ombe ndi mbuzi, ndi anthu ogwira ntchito za ziweto. Bala inali ya chipinda chimodzi ndi kasitolo kakang'ono kumbuyo. Vuto lake silinali anthu koma mabotolo. Lole yobweretsa mowa sinkasiya kireti yodzaza ngati simunabweze kireti ya mabotolo opanda kanthu, ndipo anthu a kumudzi ankatenga mabotolo athu kukasungiramo palafini ndi mafuta ophikira. Amene ndinamulowa m'malo ankangodandaula kuti lole ikumudumpha. Ine ndinabwereka njinga, n'kumanga dengu kumbuyo, ndipo Lolemba lililonse ndinkazungulira m'midzi khomo ndi khomo kupempha mabotolo athu. Amayi ena ankabisa, ena ankandiseka kuti ndasanduka wotola zinyalala. Mabotolowo ndinkawatsuka ndi mchenga ndi sopo mpaka fungo la palafini lithe. Pasanapite nthawi yaitali anthu anayamba kunena kuti kwa amake Feston sikuuma, mowa sutha. Mawu amenewo ndinkawakonda, sindibisa. Inali ntchito ya manja anga.

Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuona mipikisano ya kumwa, koma inali yaing'ono. Amuna awiri akagulitsa mbuzi ankayamba kunyozana kuti wina ndi wofooka mutu, kenako n'kuitanitsa mabotolo kuti aone wogonja. Ndinali ndi njira zanga. Opena yotsegulira mabotolo inkasowa mwadzidzidzi. Ndinkachedwa kusitolo. Ndinkaitana wootcha nyama panja kuti alowe ndi mbale, chifukwa mwamuna akayamba kutafuna amaiwala zimene amakangana. Nthawi zambiri zinkathera m'kuseka.

Chimene sichinkathera m'kuseka chinali kumwa kwa tsiku ndi tsiku, makamaka kutabwera mowa waukali wa m'timapepala, wotchipa moti munthu ankaugula ndi ndalama ya mchere. Wogulitsa m'bala amaona zimene dokotala amadzaziona mochedwa. Mumaona munthu amene ankabwera Loweruka lokha ayamba kubwera Lachitatu, kenako m'mamawa musanasese. Mumaona maso akuyamba chikasu, mapazi akutupa mpaka nsapato kukana, mimba ikukula pamene manja akuonda. Kenako mpando wake umakhala wopanda munthu, ndipo mumamva kuti ali kuchipatala, kapena mumangomva kulira kumudzi kwawo. Ndinapita kumaliro a makasitomala anga ambiri. Achibale ena ankandipatsa moni, ena ankatembenuka. Ndinayamba kukana kugulitsa kwa amene afika kale atakhuta, ndipo a Likoya atamva anangoti, "Bola katundu aziyenda." Katundu ankayendadi, choncho sanandivutitse.

Ku Mbulumbuzi, chaka chimene mafuta anasowa

Bala yaikulu ya a Likoya inali ya ku Mbulumbuzi, ndipo ananditumiza kumeneko iwe Feston utayamba sekondale. Inali ndi mafiriji awiri, khonde lalitali, ndi sitolo yokhoma ndi loko wamkulu. Kiyi yake ndinkasunga ine. A Likoya nawo ankakhala kumeneko masiku ambiri, pakona yawo ndi tiyi wawo.

Chaka chimenecho mafuta a galimoto anavuta dziko lonse. Lole inkabwera mwa apo ndi apo, ndipo ikabwera inkasiya theka la zimene mwapempha. Mabala ambiri anauma. Munthu ankalowa m'bala n'kupeza mashelefu ali mbee, wogulitsa akuodzera. Ine sindinadikire lole. Ndinkakwera minibasi iliyonse imene yapezeka kupita ku Limbe, n'kukaima pamzere kudepoti, ndipo makireti ndinkawabweretsa pang'onopang'ono, ena paminibasi, ena pa njinga za kabaza kuchokera pamsewu. Zinali zotopetsa, msana wanga unayambira pamenepo kuvuta. Koma kwathu kunali mowa wa mtundu uliwonse, wa m'mabotolo, wa masese, jini, burande, pamene kwina kunalibe ngakhale chakumwa cha ana.

Mbiri imeneyo ndi imene inabweretsa a Dikisoni. Iwo anali ogula nandolo ochokera ku Limbe. Nyengo ya nandolo ikafika ankabwera ndi kagalimoto kawo ka pikapu ndi anzawo, n'kupachika masikelo pansi pa mitengo. Mkati mwa sabata anali anthu a ntchito, koma Loweruka ankasanduka ena. Ankayenda bala ndi bala kufunafuna yodzaza bwino, chifukwa mpikisano wawo unkafuna malo amene mowa sungathe pakati. Lamulo lake linali lakuti onse ayambe ndi mowa wa m'mabotolo, kenako jini, kenako burande, mofanana, popanda kudya, popanda kutuluka panja. Wotsala ali chiimire ndiye katswiri. Anali atayesa mabala angapo, koma konse mowa unkatha wopambana asanadziwike.

Anafika Lachinayi masana, atavala chipewa ndi magalasi akuda, n'kutsamira kauntala.

"Mayi, akuti kuno ndiye kulikulu. Tatsegulani sitolo tione ngati n'zoona."

"Sitolo si ya makasitomala, bambo. Nenani chimene mukufuna ndikupatseni."

"Ndikufuna zonse. Loweruka tikubwera ndi anyamata anga. Tamva kuti kuno kuli munthu amamutcha Mgolo. Tikufuna timuone ngati ndi mgolo kapena chitini."

Mgolo ameneyo anali a Sitefano, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo yoyandikana ndi bala yathu. Anali munthu wofatsa, wa msinkhu wapakati, waluso kwambiri pa mayunifolomu a sukulu. Akazi awo, amake Tadala, ankagulitsa tomato pamsika, ndipo anali ndi ana anayi. Dzina la Mgolo analipeza chifukwa ankamwa kwambiri koma osadzandira, osatukwana, ndipo mawa lake ankapezeka pamakina ngati sikunachitike kanthu. Anthu a pamalopo ankamunyadira. Koma ine amene ndinkamupatsira ndinali nditaona kale kuti maso ake ayamba kusintha mtundu, ndiponso kuti ankasiya chakudya chimene akazi ake amubweretsera.

A Likoya anamva zonse ali pakona pawo. A Dikisoni atatuluka, anandiitana akumwetulira.

"Mwamva? Loweruka limodzi tigulitsa za mwezi wathunthu. Ine ndiikapo mbuzi, wopambana atenge. Anthu adzadzaza mpaka kumsewu."

"Bwana, zimenezi ine sindikuzifuna. Jini pamwamba pa mowa, m'mimba mopanda kanthu, dzuwa la Okutobala ili. Tidzanyamula munthu."

"Amake Feston, amenewa ndi akuluakulu a ndevu zawo. Palibe akuwakakamiza. Ife timagulitsa, iwo amagula."

"A Sitefano sali bwino. Tawayang'anani maso."

"Ndinu namwino tsopano? Inu munavutika kukatenga katunduyu ku Limbe. Munkafuna azikongoletsa shelefu?"

Ndinawasiya pomwepo. Ndinapita pakhonde kwa a Sitefano, ndinawapeza akusoka kolala. Ndinawauza mosazungulira kuti asalowe nawo. Anaseka, phazi likupondabe makina.

"Achemwali, anthu a m'tauni abwere kudzatinyoza pakhomo pathu? Mbulumbuzi yonse ikuyang'ana ine. Ndiponso mbuzi ija ana anga adzamwa mkaka."

"Ndi yamphongo," ndinatero.

"Ndiye adzadya nyama," anayankha, n'kupitiriza kuseka.

Loweruka lija

M'mawa ndikusesa ndinaganiza zotseka bala n'kupita kwathu, koma ndinadziwa kuti a Likoya atsegula okha n'kuika munthu wina pakauntala, wosayang'ana nkhope ya aliyense. Ndinasankha kukhalapo. Pashelefu ndinaikapo mabotolo ochepa a jini monga mwa masiku onse, otsalawo ndi burande yense ndinawasiya m'sitolo n'kukhoma.

Anayamba dzuwa litangopendeka. Kunkatentha moti malata ankalira. Mbuzi anaimangirira pamtengo wa mango kutsogolo, ndipo anthu anadzaza khonde, ena akusuzumira m'mazenera. Patebulo lalitali anakhala a Dikisoni ndi anzawo mbali imodzi, a Sitefano ndi amuna ena a pamalopo mbali inayo. Ndinatsegula mowa wa m'mabotolo mochedwa mmene ndikanathera. Opena inasowa, koma mmodzi wa iwo ankatsegula ndi mano. Wootcha nyama anamubweza pakhomo, akuti lamulo silikulola. Njira zanga zonse za ku Mikolongwe zinakanika.

Atafika pa jini, a Likoya anadzuka okha n'kutsitsa mabotolo a pashelefu. Ankathira m'matambula mpaka pakati, wopanda chosakaniza, ndipo anthu ankawerengera mokuwa kuti onse akhuthule limodzi. Ena anayamba kugonja. Wina anathamangira panja atagwira pakamwa, anthu n'kumuwowoza. Wina anagona patebulo akuimba nyimbo ya kwaya. Amenewo sindinade nawo nkhawa kwenikweni. Maso anga anali pa a Sitefano. Poyamba ankabweza nthabwala za a Dikisoni. Kenako ankangomwetulira. Kenako analeka ngakhale kumwetulira. Onse anali thukuta kamukamu, koma iwo nkhope inali youma, milomo yotuwa. Tambula ankainyamula ndi manja awiri. Anthu ankakuwa kuti, "Mgolo! Mgolo!" poganiza kuti kukhala chete kumeneko ndi mphamvu.

Jini wa pashelefu anatha. Patebulo panatsala a Dikisoni, mnzawo mmodzi, ndi a Sitefano.

"Burande!" anakuwa a Dikisoni, akumenya tebulo. "Mayi, tsegulani nkhokwe ija!"

Ndinatenga kiyi pa msomali, ndinaimanga pansonga ya chitenje mfundo ziwiri, n'kuilowetsa m'chiuno. Kenako ndinaima kutsogolo kwa chitseko cha sitolo.

"Mowa watha," ndinatero.

M'bala monse munabuka phokoso. A Likoya anabwera pafupi, akulankhula motsitsa monga mwa chizolowezi chawo.

"Amake Feston, musandichititse manyazi. Tsegulani."

"Sinditsegula, bwana. Tayang'anani a Sitefano."

"Bweretsani kiyi, nditsegula ndekha."

"Kiyi ndikupatsani anthuwa akapita."

"Bala ino ndi ya ndani?"

"Ndi yanu. Mukafuna thyolani loko, anthu onsewa aone kuti mwathyola ndinu. Koma kiyi ili m'chiuno mwanga, ndipo mwamuna amene akufuna kuitenga abwere adzandivule chitenje pamaso pa anthu."

Palibe anasuntha.  Ndinkadziwa kuti ntchito yanga yathera pamenepo, ndipo ndinaganiza za inu, iwe Feston uli pafupi kulemba mayeso. A Dikisoni anayamba kunditukwana mawu amene sindingalembe pano. Ena a pakhonde ankati ndagulidwa ndi anthu a ku Limbe kuti Mgolo asapambane, a ku Limbe ankati ndikuteteza wa kwathu. Onse anagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, kuti ndine mkazi woipa.

Pamenepo a Sitefano anayesa kuimirira, ndikuganiza kuti ankafuna kundiuza kuti nditsegule. Anagwira tebulo, anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Kenako anagwa chagada, mutu n'kugunda simenti.

Anthu anaseka. "Mgolo wagubuduka!" A Dikisoni anakweza manja kuti apambana, n'kutuma mnzawo kukamasula mbuzi. Wina anati, "Mukamugoneke kuseri pamthunzi, adzuka yekha." Wina anabwera ndi ndowa ya madzi kuti amuthire, wina ankati timumwetse mkaka. Ndinawakankha onse n'kugwada. Ndinamutembenuza cham'mbali, ndinapinda bondo lake kuti asabwerere chagada, n'kumutsegula pakamwa. Posakhalitsa anasanza osadzuka n'komwe, ndipo ndinachotsa zotsalira ndi chala chokulunga m'nsalu. Ndinamutsina pakhutu mwamphamvu, sanamve. Kupuma kwake kunali kwa patalipatali, kokoka ngati nkonono, kenako n'kuima mpaka ndinkaganiza kuti sapumanso.

"Munthu uyu apite kuchipatala pompano," ndinatero.

"Kuchipatala chifukwa cha mowa? Akatiseka," anatero wina.

A Dikisoni, kuti aoneke munthu, anatulutsa makiyi a galimoto m'thumba, koma anawagwetsa kawiri asanawagwire bwino. Ndinawauza kuti galimoto yawo sikwera munthu wanga. Amuna amene anali m'balamo ambiri sankatha kuima okha, ndipo osaledzerawo ankangoyang'anana. Ndinauza wootcha nyama uja kuti agwire mutu wa a Sitefano osausiya, ndipo ine ndinathamangira kumsika. Ndinapeza amake Tadala akuwaza madzi pa tomato.

"Amake Tadala, siyani zimenezo. Bambo a kwanu agwa, sakudzuka. Itanani anzanu amphamvu."

Sanafunse funso. Anamanga chitenje, anakuwa maina a anzawo, ndipo amayi a masamba ndi a usipa anasiya malonda awo poyera n'kutitsatira. Tinalowa m'bala gulu, amuna n'kupatuka okha. Tinamugoneka cham'mbali pa benchi ya pakhonde, tinamumanga ndi zitenje kuti asagwe, n'kunyamula benchiyo ngati machira. Chipatala chaching'ono cha pa Mbulumbuzi sichili patali kwenikweni, koma tsiku limenelo njira inatalika. Tinkasinthana mapewa. Ine ndinkayenda kumutu, dzanja langa lili pafupi ndi mphuno yake kuti ndizimva mpweya. Amake Tadala sanalire. Ankangoti, "Sitefano, usandichite zimenezi. Sitefano, ukundimva?"

Anamwino anatilandira msanga. Anamuika diripi, anayeza zoyeza zawo, ndipo anaitanitsa ambulansi kuti apite ku chipatala chachikulu ku boma, chifukwa cha kupumako ndi bala la kumutu. Mmodzi anandifunsa zimene anamwa, ndinamuuza zonse mwa ndondomeko yake. Anafunsanso amene anamugoneka cham'mbali. Nditati ndine, anangogwedeza mutu n'kupitiriza ntchito yake. Ambulansi itanyamuka ndinabwerera ku bala wapansi. Ndinapeza anthu atabalalika, mbuzi itapita, loko ali chikhomere. A Likoya sanathyole.

Pambuyo pake

Lolemba m'mawa ndinaika kiyi patebulo la a Likoya, pambali pa kapu ya tiyi. 

"Mwandigwirira ntchito zaka zambiri, simunandibepo ngakhale chitsekerero cha botolo," anatero. "Koma munandikana pamaso pa makasitomala. Ndikakusiyani mukhalebe pantchito, mawa aliyense azindikana."

"Ndamva, bwana. Ndikufunseni chimodzi. Mipikisano imeneyi muiletsa?"

"Ndikailetsa ine, apita kwina. Mowa womwewo, ndalama n'kudya wina."

"Ndiye ngakhale mukanandisiya, sindikanakhala."

Sanali munthu wankhanza, a Likoya. Anandipatsa zonse zondiyenera, ndipo iwe Feston utakhoza mayeso anatumiza nkhuku. Koma maganizo awo sanasinthe, anganso sanasinthe.

Zimene ananena zinali zoona, mipikisano inapitirira kwina. Nyengo ya nandolo yotsatira tinamva kuti mnzawo wa a Dikisoni, uja anatsala nawo patebulo, anamusiya atagona kumbuyo kwa pikapu pa bala ina, ndipo pomwe ankati amudzutse anapeza zatha kale. Nditamva sindinakhale pansi. Amayi ndi atsikana ogulitsa m'mabala a m'dera lino ambiri ndinkawadziwa, tinkakumana pamzere kudepoti. Ndinayamba kuwayendera mmodzimmodzi, pa njinga, masana pamene bala ilibe anthu. Ndinkawauza zimene a Matewere anandiuza, ndipo ndinkagona pansi ndekha kuwaonetsa kagonekedwe kake. Ena ankaseka. Ena ankati, "Inu anakuchotsani, mukufuna nafenso atichotse?" Ndinkawayankha kuti mwina adzawachotsadi, sindinawanamize. Koma angapo anamva, ndipo mpaka lero ndikakumana nawo pamsika amandiuza za anthu amene anawakaniza botolo.

Ine ndinabwereka kachipinda pa Mbulumbuzi pomwepo, pafupi ndi khonde la a Sitefano, n'kutsegula tiyirumu. Tiyi, mandasi, mbatata yophika, nthawi ya dzinja phala. Phindu lake linali laling'ono poyerekeza ndi malipiro a ku bala, ndipo mukukumbukira chaka chimene Melise anapita kusukulu ndi nsapato zosokedwa ndi waya. Tiyirumu imeneyo ndi imene ndakhala nayo mpaka chaka chatha pamene ndinaisiyira mwana wa mchemwali wanga.

A Sitefano anakhala m'chipatala masabata angapo. Madokotala anawauza kuti chiwindi chawo chawonongeka kale, ndipo akabwerera ku mowa asadzavutike n'kubweranso. Atatuluka anali atatha, malaya akulendewera. Sanandipatse moni. Amake Tadala anandiuza kuti akundikwiyira, akuti ndinawachotsa ulemu, chifukwa anthu tsopano ankawatcha Mgolo Wobooka, ndipo ana a sukulu ankaimba za mwamuna amene ananyamulidwa ndi amayi a tomato. Sindinapite kukapepesa, ndipo sindinayembekezere kuti adzandithokoza.

Anabwerera pamakina, koma manja ankanjenjemera. Ndili m'tiyirumu ndinkawaona akulimbana ndi ulusi, akuunyowetsa ndi malovu, akuyesa kuulowetsa pa singano, ukuphonya. Makasitomala ankaima, n'kutopa, n'kutenga nsalu zawo. Tsiku lina m'mawa ndinawaona atasiya zonse, atagwira mutu, maso ali ku chitseko cha bala chimene chinali chitangotsegulidwa. Ndinathira tiyi m'kapu, ndinapita, ndinaika pamakina. Kenako ndinawerama, ndinalowetsa ulusi pa singano, n'kubwerera ku tiyirumu. Mawa lake ndinachitanso chimodzimodzi. Patapita masiku anayamba kundiitana okha, osandiyang'ana, "Amake Feston, ulusi." Ndinkasiya mandasi pamoto n'kupita. Ulusi ukaduka pakati pa ntchito ankaitananso. Panali masiku ena amene ndinkamva fungo pakamwa pawo, ndipo ndinkawauza pamaso kuti ndalimva, ndiponso kuti ndikauza akazi awo. Ndinkakawauzadi. Tinakangana kangapo pakhonde limenelo, anthu akutionerera. Koma masiku a fungo anayamba kutalikirana.

Mvula inagwa n'kutha, nandolo anakhwimanso. M'mawa wina ndinazindikira kuti dzuwa lakwera koma sanandiitane. Ndinaganiza kuti mwina alowa m'bala. Ndinatuluka ndi supuni m'manja. Ndinawapeza ali pamakina, phazi likuponda, diresi ya yunifolomu ikuyenda pansi pa singano. Anaimitsa makina, anadula ulusi dala ndi lumo, anaunyowetsa, n'kuulowetsa kamodzi kokha ine ndikuona. Kenako anakweza maso n'kundiyang'ana, koyamba chigwereni m'bala muja.

"Bwererani, achemwali," anatero. "Mandasi anu akupserera."